Tebulo Lopanda Kanthu la Esitele

Area 25, Lilongwe
14 September 2003

Achemwali a Felista,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Goliati ndi ana. Amayi mwendo uja uli bwanji? Mankhwala opaka ndawapatsira a Zakeyu a matola, amene akupatseninso kalata ino. Ine ndili bwino, ngati kukhala pampando tsiku lonse n'kumalemba manambala a anthu ena kuli kukhala bwino.

Ndili ndi pempho, koma ndiyambe ndalongosola kuti musadzati sindinanene. Bungwe lathu limafunsa alimi zimene amalima, ine n'kumalowetsa mayankhowo mu kompyuta. Mayankho amalowa mu tebulo, osati lodyerapo, koma la mizere ngati kaundula wa aphunzitsi: pamwamba mitu, pansi pa mutu uliwonse mabokosi otsika mpaka pansi. Tebulo limene tili nalo analipanga a Rodrick, abwana anga. Muwakumbuke, ndi aja tinalowa nawo koleji ku Zomba, amene ankakopera masamu kwa ine. Iwo anamaliza. Ine ndinabwerako chaka chachitatu bambo atamwalira. Lero iwo ali ndi chitseko cholembedwa dzina, ine ndili ndi mpando wothyoka chotsamira.

Tebulo lawolo lili ndi mitu inayi: chimanga, fodya, mtedza, ndi "zina". Mlimi akati amalima nzama, ndilembe pa "zina". Akati mawere, pa "zina". Dimba lonse la amayi, mpiru wake, nzimbe zake, maungu ake, limathera m'kabokosi kamodzi. Kenako a Rodrick amavala tayi, n'kukauza azungu kuti anthu a kuno amadziwa mbewu zitatu basi.

Ine ndalemba kapulogalamu kangakanga. Sikayamba ndi mitu ayi. Kamayamba kawerenga mndandanda wa mbewu zimene anthu atchula, kaya zisanu kaya makumi asanu, n'kupanga tebulo lopanda kanthu, mutu uliwonse n'kutenga dzina pamndandandapo. Mudzi wina ukatchula mbewu zina, mitu imasintha yokha popanda munthu kutayipanso. Manambala amabwera pambuyo, amapeza malo awo atakonzedwa kale.

Kuti ndikayese kapulogalamuka ndikufuna mndandanda weniweni, wochokera pakamwa pa anthu, osati wopeka muofesi. Chonde tengani kope, muyende m'makomo kwathuko, muzifunsa kuti, "Mumalima chiyani?" Lembani monga atchulira, musakonze. Maina a anthu sindikuwafuna, ndikufuna mbewu zokha. Inu anthu amakukhulupirirani, sangakubisireni.

Izi ndikuchita pandekha. A Rodrick sakudziwa, ndipo ndikufuna adzaone chinthu chitatha kale, ndione kumene adzayang'ane.

Ndine mng'ono wanu,
Esitele


Mkanda
6 October 2003

Esitele mng'ono wanga,

Kalata tinalandira, mankhwala omwe. Amayi akuthokoza, akuti mwendo wapepuka koma fungo lake nkhuku sizikulowanso m'nyumba. Tonse tili bwino, kupatula dzuwa limene latiwotcha. Alamu ako ali kalikiliki kuthirira nazale ya fodya.

Ntchito yako ndagwira, kope ndi limeneli. Koma mvera mmene zayendera.

Ndinayambira kwa a Maria, oyandikana nafe aja. Ndinati, "A Maria, mumalima chiyani?" Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana kope.

"Wakutumani ndani?"

"Esitele, ku Lilongwe."

"Wa kubungwe uja?"

"Yemweyo."

"Basi lembani soya."

Ndinati, "A Maria, soya munalima liti inu? Munda wanu ndimadutsamo tsiku ndi tsiku." Anati, "Ndilime bwanji mbewu ndilibe? Inu lembani."

M'mawa mwake sindinafunikenso kuyenda. Ndinapeza anthu atakhala kale pakhonde. Iwe uli m'tauni, mwina waiwala kuti njala ya chaka chatha anthu anadya ndi mbewu zomwe. Nyemba za mbewu zinaphikidwa, mtedza wa mbewu unakazingidwa. Ndiye munthu akaona kope, akamvanso mawu oti bungwe, mutu wake umapita kumodzi. Aliyense ndinamuuza kuti izi ndi za kompyuta chabe, palibe chobwera. Amagwedeza mutu n'kumati, "Eya, ndi mmene zimayambira. Za sitata paki zinayambanso ndi kope."

A Alufeyo a kutsidya kwa dambo anabwera pa njinga, thukuta lili kamukamu. Anatchula mpendadzuwa, soya ndi nyemba za kayera, kenako anati ndilembe dzina lawo. Ndinati maina sakufunika. Anandilanda bolopeni n'kudzilemba okha m'mphepete, uliona. Matenanti a ku esiteti, aja ochokera ku Mulanje, anatchula nandolo ndi kalongonda. Anyamata opita ku Chipata kukagulitsa nkhuku anati kandolo, pamene ena anati mbatata. Ndalemba zonse monga unanenera, sindinakonze.

Tsono ndiuze zoona, ndine mkulu wako. Kodi kumbuyo kwa zimenezi kulibedi kanthu, ngakhale kapaketi kakang'ono? Ngati kulibe, lemba momveka bwino kuti ndikawerenge kumphakati tikatha mapemphero. Mvula sili kutali, ndipo anthu ayamba kundipatsa moni wautali kuposa kale.

Ana akupempha shuga, ngati a Zakeyu angadzere kwanuko.

Ndine,
Felista


Area 25, Lilongwe
26 October 2003

Achemwali,

Pepani pochedwa kuyankha, magetsi akhala akuzimazima kuofesi ndipo ndimayenera kudikira kuti a Rodrick atuluke ndisanayambe zanga. Moni kwa amayi, alamu ndi ana. Katoni imene a Zakeyu akusiyireni muli shuga, sopo ndi madiresi awiri amene andithina.

Kope lanu ndi chuma. Ndinatayipa mbewu zonse mumndandanda umodzi, n'kukauza kapulogalamu kuti kayambe. Ulendo woyamba kanakana, chifukwa dzina ngati "nyemba za kayera" lili ndi mipata pakati, ndipo kompyuta inkayesa kuti ndi mbewu zitatu. Ndinakonza kuti mipatayo izilumikizidwa ndi kamzere. Ulendo wachiwiri soya anatuluka kambirimbiri, poti mudzi wonse unatchula soya, ndiye ndinakauza kuti dzina likabwera kachiwiri kazilidumpha. Ulendo wachitatu tebulo linatuluka: mitu 43, kuyambira chimanga mpaka chitowe, pansi pake pali mbee. Ndinakhala n'kumangoliyang'ana. Simungamvetse, koma chiyambire kuchoka ku Zomba sindinapangepo chinthu chokongola chotere.

Mbatata ndi kandolo zatuluka mitu iwiri, chinangwa ndi vinangwa chimodzimodzi. Ndazisiya dala. Kuphatikiza mitu iwiri pambuyo n'kosavuta, koma chimene chaponyedwa pa "zina" sichitulukanso.

Zoti ena anatchula mbewu zimene salima zandikwiyitsa pang'ono, koma pakuyesa kokha zilibe kanthu, poti tebulolo mulibe manambala.

Tsono za funso lanu. Kulibe mbewu. Kulibe paketi, kulibe thumba, kulibe feteleza. Ndinanena kale m'kalata yoyamba kuti izi ndikuchita pandekha, ndipo inunso munawauza kuti palibe chobwera. Anthu a kwathu ukawafunsa nthawi amayesa kuti uwagawira wotchi. A Maria akhala akudikira chinthu chaulere chibadwire ine. Werengani kumphakati mawu awa: bungwe silinalonjeze kanthu ndipo silitumiza kanthu. Akhumudwa pang'ono, mvula ikagwa aiwala.

Musade nkhawa ndi zazing'ono.

Esitele


Mkanda
9 November 2003

Esitele,

Tili moyo. Amayi akupereka moni. Katoni tinalandira, zikomo, ngakhale ndikanadziwa ndikanawauza a Zakeyu kuti abwerere nayo.

Kalata yako ndinawerenga kumphakati, kupatula za wotchi ndi za a Maria. Nditatha, a Alufeyo anafunsa kuti, "Nanga katoni imene inatsika pa matola Lachiwiri ija munali chiyani?" Ndinati shuga ndi madiresi. Wina kumbuyo anati, "Shuga wolemera chonchija?" Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Ukuti ndisade nkhawa ndi zazing'ono. Mvera chaching'onocho.

Sabata yatha kunagwa maliro, amalume awo a Maria. Ukudziwa kuti chisiyire amayi ntchito imeneyi, ufa, nyemba ndi nkhuku zimene anthu amasonkha pamaliro ndimasunga ndine. Amazitsekera m'kachipinda, kiyi n'kumangirira pachitenje changa, ndipo ophika amabwera kwa ine kudzatapa. Sindinapemphe ntchito imeneyi. Anandipatsa chifukwa pamaliro amene ndasunga ine, alendo ochokera kutali sanagonepo ndi njala, ndipo palibe mbale ya ufa imene inalowera kunyumba kwa munthu.

Nditafika pasiwa ndinapita molunjika kukachipinda monga mwa masiku onse. Ndinapeza kiyi ali kale pachitenje cha mayi wina. A Maria anandigwira dzanja mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, "Lero pumulani a Felista. Mwatopa nako kusunga." Azimayi onse ophika anamva. Ndinakakhala kwa oimba, koma nyimbo zimene ndimadziwa kuyambira ndili mwana zinandithawa pakamwa.

Sindinabe kanthu chibadwire, Esitele. Sukulu sindinapite nayo patali ngati iwe, nyumba yanga ndi yaudzu. Chimene ndinali nacho m'mudzi muno ndi kiyi ameneyu.

Usawaone ngati opusa onse. A Alufeyo anasiya chigawo chachikulu cha munda wawo, anapanga mizere n'kusiya osagula mbewu, akudikira mpendadzuwa. Ndalama imene akanagulira mbewu anagulira malata awiri okhoma pamene pamadontha. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Zambia. Munthu ameneyu ali ndi ana asanu ndi mmodzi.

Mawu anga sakuwamva, akonso sakuwamva poti ndiwe m'bale wanga. Ndikupempha kalata ya bungwe lenilenilo, ya chidindo, yosainidwa ndi abwana ako, yonena kuti ku Mkanda sikunatumizidwe mbewu. Chidindo amachiopa. Ndikudziwa kuti kupempha kwa a Rodrick kukuwawa, koma pempha.

Felista


Area 25, Lilongwe
20 November 2003

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo m'mawa mwake ndinagogoda pachitseko cholembedwa dzina chija. Musadzati sindinayese.

Ndinawafotokozera a Rodrick zonse. Anandisiya chiimire mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Esitele, bungwe linatuma munthu ku Mkanda?"

Ndinati ayi.

"Ndiye ndilembe kalata yonena za ntchito imene sitinachite? Ndikangosaina, ndiye kuti ndavomera kuti tinapitako. Mawa a ku boma adzandifunsa kuti chilolezo tinatenga kwa yani."

Ndinati mkulu wanga akutchedwa wakuba. Anati apepesa kwambiri, koma nkhani za m'banja zithere m'banja, ndipo ndithokoze kuti sakundilembera kalata ina, yondichenjeza. Ndikutuluka anandiitananso. "Kapulogalamu kakoko, tandiikira pa disiketi ndikaone." Ndinawaikira. Ankakopera ku Zomba, asiyire pati?

Chidindo ndiye palibe. Koma ndakutumizirani china choposa chidindo. Ndasindikiza tebulo lenilenilo. Silinakwane papepala limodzi, ndiye ndamata mapepala angapo m'mbali mpaka lonse laoneka, mulifunyulule mosamala. Mbewu iliyonse imene anatchula ili pamwamba. Pansi pake palibe nambala ngakhale imodzi, palibe dzina la munthu, palibe thumba, palibe kilogalamu. Ichi ndicho chinthu chokhacho chimene chinatuluka m'kope lanu. Aonetseni. Munthu aliyense wa maso awiri aona kuti mulibe kanthu ndipo simunakhalepo kanthu.

A Alufeyo auzeni abzale chimanga pamalopo nthawi isanathe. Mpendadzuwa sindinawalonjeze ine.

Esitele


Mkanda
2 December 2003

Okondedwa mlamu,

Ndine Goliati. Choyamba ndifunse za moyo wanu. Ife kuno mvula yagwa bwino, fodya tawokera, chimanga chamera. Amayi ali bwino. Cholinga cha kalata ino ndi kukudziwitsani za pepala lanu lija, poti akulu anu akuti iwo salembanso.

Pepala ndinapita nalo ndine Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, Felista anakana kupita. Ndinaliyala pansi pakhonde la sukulu n'kulitsindira ndi miyala chifukwa cha mphepo. Kunena zoona ndi pepala laulemu, anthu anadabwa kutalika kwake. Ndinafotokoza monga munalembera, kuti taonani mulibe kanthu.

A Alufeyo anagwada, n'kuyendetsa chala pamitu ija mpaka anapeza mpendadzuwa. Anati, "Uyu si mpendadzuwa wanga uyu?"

Ndinati ndi yemweyo.

"Ndiye kuti pempho lathu linafika ku Lilongwe. Analandira, mpaka analitayipa pa makina."

Ndinati sikunali kupempha, kunali kufunsa chabe.

Anati, "A Goliati, inu ndi ine tagulitsapo fodya. Munaonapo munthu akujambula mabokosi opanda choikamo? Mabokosi awa ndi olembamo matumba. Apa matumba a soya, apa a nyemba. Wafufuta ndani?"

Ndinati palibe wafufuta, anabadwa choncho. Anthu anaseka. A Maria anati, "Khola amamanga mbuzi zilipo." Mnyamata wina ananyamula pepalalo n'kuliyang'anitsa kudzuwa, akuti aone pamene panadutsa labala. Ena anati akuona zipsera, ena anati sakuona. Pamene munamata mapepala paja akuti ndi pamene munadula mbali imene inali ndi maina a olandira. Ine za kompyuta sindizidziwa, ndiye ndinawasiya. Pepalalo anatenga a Alufeyo, akuti ndi umboni.

Mlamu, ine sindinganene kuti munalakwa, munafuna kuthandiza. Koma panopa zafika poipa. Felista sakupitanso kumjigo, akukatunga kuchitsime cha kudambo kumene kumamwa ng'ombe, kuti asakumane ndi anthu. Ana kusukulu akuwatcha ana a soya. A Alufeyo abzala chimanga chobwereka pamalo paja, koma mochedwa, ndipo aliyense wodutsa amaona kusiyana kwake ndi minda ya anzawo.

Mwamuna salamula mlamu wake. Koma kalata zakwana. Anthu awa akufuna nkhope ya munthu woti amufunse. Njinga ilipo, ndikhoza kukakuchingamirani pa siteji tsiku lililonse limene munganene.

Ndine mlamu wanu,
G. Mbewe


Area 25, Lilongwe
9 December 2003

Alamu,

Zikomo pondilembera mosabisa. Ndibwera Loweruka likudzali ndi matola a a Zakeyu. Uzani a kumphakati kuti Lamulungu asabalalike akatha mapemphero, ndipo a Alufeyo abwere ndi umboni wawowo. Achemwali muwauze kuti safunika kulankhula kanthu, angokhala pafupi ndi amayi.

Pakaliyala pa njinga muikepo kansalu, msewu wanuwo ndimaudziwa.

Esitele


Mkanda
4 January 2004

Esitele,

Chaka chabwino. Tonse tili bwino, chimanga chafika m'chiuno. Pokwera matola paja sindinakutsanzike bwino chifukwa ndinali nditakwiya, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati mkwiyowo watha. Ndiye ndilembe.

Poyamba unalankhula bwino. Unatenga choko n'kujambula pabolodi mmene mitu imabwerera kuchokera pamndandanda, unafotokoza kuti mabokosi amadikira manambala a kafukufuku osati matumba. Ine ndemwe ndinamvetsa tsiku limenelo chimene umachita kuntchito. Koma unaona nkhope zawo. A Maria atafunsa kuti, "Ndiye mukuti tonse tili panofe ndife opusa?" ndinaopa, chifukwa pakamwa pako ndimapadziwa. Mumtima ndinati lero utukwana mudzi wonse. Unandiyang'ana ine.

Kenako unati, "Kope linachoka m'manja mwa a Felista n'kubwera kwa ine. Chilichonse chochokera ku Lilongwe chimadzera m'manja mwanga. Iwo sanalandire ngakhale njere imodzi. Ngati simugona mpaka mutapeza wakuba, wakubayo ndine. Ndimakhala ku 25, a Zakeyu akudziwa nyumba."

Unanenerenji zimenezi? Iwe ndi ine tikudziwa kuti mbewu kunalibe. Unadzipaka matope pamaso pa amayi ako, pamaso pa anthu amene anakuvinira tsiku limene unasankhidwa kupita ku Zomba. Amayi sanadye tsiku limenelo.

Tsono mvera zimene zachitika chichokere iwe. Nkhani yatembenuka msanga ngati kuti anthu ankangodikira. Akuti mbewu unagulitsa kumsika wa ku Lilongwe. Akuti nsapato zimene unavala zija ndi za mpendadzuwa wa a Alufeyo. Akuti anakuonera kale kuti mtima wako ndi wouma, chibwerere kukoleji supatsa anthu moni wogwada. Ine akundimvera chisoni. Azimayi amene ankatembenuza nkhope akubwera kudzandipepesa, akuti, "Mng'ono wanu anakugwiritsani ntchito, inu osadziwa." Ndikati si choncho, amati ndine munthu wabwino, ndikubisa manyazi a m'bale wanga.

Khirisimasi itangopita kunagwa maliro ena, mwana wa matenanti a ku esiteti. Kusanache bwino a Maria anabwera okha kunyumba, kiyi ali m'manja. Anati, "A Felista, ophika akudikira." Ndinalandira. Ndikuuze zoona, ndinalandira, ndipo ndinakondwa. Ndinamangirira kiyi pachitenje, ndikupita kusiwa n'kumadzida ndekha kuti ndikukondwa ndi chinthu chimene wagula ndi dzina lako.

Ndaganiza kuti Lamulungu lina ndiimirire kumphakati ndinene kuti unanama pofuna kunditeteza. Alamu ako akuti ndiyambe ndakufunsa. Ndiye ndikukufunsa.

Amayi akufunsanso ngati ubwera pa Pasaka. Akuti anthu alankhule, nyumba ndi yawo.

Mkulu wako,
Felista


Area 25, Lilongwe
18 January 2004

Achemwali,

Chaka chabwino kwa inunso, kwa alamu, ana ndi amayi. Ine ndili bwino.

Musaimirire kumphakati. Zoona munanena pakhonde panu, munawerenga m'kalata, alamu anayala pansi ndi miyala, ine ndinajambula pabolodi. Mukanenanso, adzati tinagawana. Kiyi adzachokanso pachitenje chanu, ndipo ulendo uno sadzabwerera. Mukatero ndiye kuti ndinakwera njinga ya alamu ija pachabe, ndipo msana ukundipwetekabe.

Musandione ngati woyera mtima. Sindinabe mbewu, koma ndinatuma munthu ndi kope m'mudzi umene unadya mbewu zake, osaganiza kuti kope limatanthauza chiyani kwa munthu wanjala. Munda wa a Alufeyo unachedwa chifukwa cha funso langa. Akandida, sakuphonya kwambiri. Ndinaganiza zowagulira mpendadzuwa wa chaka chamawa, koma mukudziwa chimene anganene: wabweza pang'ono, zotsala zili kuti?

Za nsapato, auzeni a Maria kuti ndi za pakaunjika. Kapena ayi, asiyeni, zikhale za mpendadzuwa.

Kuntchito, a Rodrick anaonetsa kapulogalamu kaja pamsonkhano wa mabwana, akuti ndi njira yatsopano imene ofesi yawo yapeza. Anawaombera m'manja. Atafunsidwa kuti mitu ikabwera iwiri yofanana zimatha bwanji, anati funso limenelo ayankha Esitele pa nthawi ya tiyi. Kafukufuku wa chaka chino agwiritsa ntchito tebulo langa m'maboma atatu, ndipo ndawauza kuti wofunsa aliyense azinena kaye pamaso pa anthu onse kuti sakugawa kanthu, asanatulutse kope m'chikwama. Ngati adzamvedwe, sindikudziwa.

Pa Pasaka sindibwera, mwinanso chaka chino chonse. Ndikabwera muyenera kusankha pokhala m'tchalitchi, pafupi ndi ine kapena pafupi ndi iwo, ndipo sindikufuna kuona mukusankha. Amayi muwakweze kwa a Zakeyu, mpando wakutsogolo chifukwa cha mwendo, ndikawachingamira kudepoti. Akhale kuno mpaka atatopa nane.

Bwererani kumjigo, madzi a kudambo adwalitsa ana. Wina akayamba kunditukwana muli pamzere, musandiikire kumbuyo. Tungani madzi anu muzipita.

Ndine mng'ono wanu,
Esitele